Mwininkhani wolankhula kapena wa duu m'magemu a RPG: mafunso ndi mayankho

Nkhani iyi timakangana nayo pafupipafupi tikakhala anthu okonda magemu a RPG, aja mumasewera ngati munthu wa m'nkhani nkumamusankhira zochita ndi zoyankhula, wina amati gemu yoti munthu wako satsegula pakamwa ndi yachikale, wina amati akangomupatsa mawu basi sakhalanso wako. Ndasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti ine ndili ndi mbali yanga, muiona mukamawerenga.

Kodi tikamati wolankhula ndi wa duu tikutanthauza chani kwenikweni?

Mwininkhani ndi munthu amene mukumuyendetsa inuyo, uja pa filimu timati akita. Wolankhula ndi amene mukasankha yankho mumamva mawu ake akutuluka, anajambulidwa mu situdiyo ndi munthu weniweni, ngati Geralt wa mu The Witcher 3 amene pa Chingerezi mawu ake ndi a Doug Cockle, kapena Commander Shepard wa mu Mass Effect. Wa duu ali mitundu iwiri ndipo anthu amasokoneza. Pali amene sayankhula olo pang'ono, olo mawu olembedwa mulibe, ngati Crono wa mu Chrono Trigger ya 1995, anzake amayankhula iye amangogwedeza mutu kapena kusolola lupanga. Ndiye pali amene amayankhula kwambiri ndithu koma mawu ake mumawerenga pa sikirini nkusankha, simuwamva ndi khutu, ngati Courier wa mu Fallout: New Vegas kapena Warden wa mu Dragon Age: Origins. Mtundu wachiwiriwu si wa duu kwenikweni, ndi wolongolola kuposa anzake onse, kungoti pakamwa pake ndi m'mutu mwanu. Mkangano waukulu uli pakati pa uyu ndi wolankhula uja.

Zinayamba bwanji kuti ena azikhala duu?

Poyamba sikunali kusankha, makina akale analibe malo osungira mawu a munthu. Dragon Quest yoyamba inatuluka ku Japan mu 1986 pa katiriji kakang'ono, aliyense mugemumo anali wolembedwa basi. Koma Yuji Horii amene anaiyambitsa anapitiriza dala kumusiya mwininkhani osayankhula mpaka Dragon Quest XI ya 2017, maganizo ake ndi oti mwininkhaniyo ndi inuyo wosewera, ndiye asakuyankhulireni. Final Fantasy inatenga njira ina, Cloud wa mu Final Fantasy VII ya 1997 anali ndi mawu akeake olembedwa ndi khalidwe lake, kenako Final Fantasy X mu 2001 inabwera ndi mawu omveka. Kumbali ya America ndi Canada chinthu chinatembenuka mu 2007 pamene BioWare inatulutsa Mass Effect, ndipo kwa zaka zingapo zinkaoneka ngati kampani iliyonse yaikulu ikuthamangira komweko.

Mawu omvekawo amawonjezera chani?

Amawonjezera zambiri ndithu, apa sindingakane. Munthu akamayankhula pali zinthu zimene zilembo sizinganyamule, kunjenjemera kwa mawu, kupumira pakati pa chiganizo, kuseka kwa munthu amene mumtima akulira. Jennifer Hale ndi Mark Meer anawerenga pafupifupi mizere yofanana ya Shepard koma anthu mpaka lero amakangana kuti wabwino ndani chifukwa aliyense anapanga munthu wosiyana ndi mizere yomweyo. Chinanso ndi choti macheza amayenda ngati macheza enieni, munthu wanu atha kumudula mnzake pakamwa, atha kukuwa pakati pa nkhondo, atha kuyima kutsogolo kwa asilikali nkuwalimbitsa mtima inu tsitsi nkumachita nyaunyau, pomwe wa duu zimenezi sangathe, gemu imayenera kuima kaye kudikira kuti muwerenge.

Henry wa mu Kingdom Come: Deliverance ya 2018 ndi chitsanzo chimene ndimachikonda. Ndi mwana wa wosula zitsulo ku Bohemia m'chaka cha 1403, makolo ake aphedwa iye akuona, sadziwa kuwerenga sadziwa kugwira lupanga, ndipo mawu a Tom McKay amamveka chimodzimodzi, mnyamata wakumudzi amene akuyesetsa kuti asachite manyazi pamaso pa mabwana. Mukanamuchotsa mawu ameneyu theka la gemu likanapita.

Koma taonaninso ichi, mu The Witcher 3 malo amene ambiri amagwetsa misozi ndi pamene Geralt wamupeza Ciri, mtsikana amene anamulera ngati mwana wake, pachilumba china atagona ngati wafa, ndipo pamenepo Geralt sayankhula kanthu, amangokhala pansi nkumunyamula. Kukhala chete kwakeko kumalasa mtima chifukwa takhala tikumumva akuyankhula maola ambirimbiri. Munthu amene ali duu gemu yonse sangakupatseni zimenezo, chete wake ndi wa tsiku lililonse.

Nanga amachotsa chani?

Apa mpomwe pagona nkhani. Mzere uliwonse umene mwininkhani anganene uyenera kujambulidwa, wojambulidwayo alipidwe, situdiyo ilipidwe, pakamwa pa chidole chija pagwirizane ndi mawu, ndiye ngati gemu imalola kusankha mwamuna kapena mkazi zonsezo kawiri, ngati ikumasuliridwa mu Chifalansa ndi Chijeremani muwonjezerenso. Mu Fallout 4 ya 2015, Brian T. Delaney ndi Courtenay Taylor aliyense anajambula mizere pafupifupi 13,000. Ndiye wolemba akafuna kuwonjezera yankho limodzi loseketsa la munthu wopusa, kapena la munthu amene ali ndi luso la udokotala, amayamba kaye wawerengera kuti ndi osewera angati amene adzaliona, ndipo nthawi zambiri yankholo limafera pa pepala.

Taonani zimene zinachitika ndi Dragon Age. Origins ya 2009 inali ndi mwininkhani wosamveka mawu ndipo mumatha kuyamba m'njira 6 zosiyana, mwana wa banja lachifumu, elf (mtundu wa makutu osongoka) wa m'makwalala osauka a mumzinda, dwarf (mtundu wa anthu aafupi) wonyozeka pakati pa anzake, wamatsenga wotsekeredwa mu nsanja, choncho. Dragon Age II itabwera mu 2011 ndi Hawke wolankhula, zonsezo zinatha, Hawke ndi munthu basi, banja lake ndi limodzi, mbiri yake ndi imodzi. Inquisition ya 2014 inabweza mitundu ija koma ndi mawu 4 okha oti musankhepo, awiri aamuna awiri aakazi, ndiye qunari wamkulu wa nyanga ndi elf wowonda amatha kutulutsa mawu amodzimodzi.

Fallout ndiye imandiwawa kwambiri chifukwa ndimaikonda. M'magemu oyamba aja a 1997 ndi 1998 mukapanga munthu wa nzeru zochepa kwambiri mayankho ake ankasintha pafupifupi gemu yonse, amayankhula zoduladula, anthu ena nkumamumvera chisoni ena nkumamuthamangitsa. New Vegas ya 2010 inasungako zina mwa zimenezi komanso mayankho ambiri otsegulidwa ndi luso lanu, kaya la zophulitsa kaya la mankhwala kaya la malonda. Vampire: The Masquerade – Bloodlines ya 2004 inafika polemba mayankho ena onse atsopano a munthu wa fuko la Malkavian, amene mutu wake suyenda bwino ndipo amayankhula mophiphiritsa zinthu zimene zidzachitike kutsogolo. Zoterezi zimatheka chifukwa kulemba ndi kotchipa kuyerekeza ndi kujambula. Mu Fallout 4 mayankho anatsala 4 nthawi zonse, batani lililonse lake, ndipo kawirikawiri atatu mwa iwo amakufikitsani pamalo amodzi, eya waulemu, eya wachipongwe, funso kenako eya. Todd Howard mwiniwake, amene anatsogolera opanga gemuyi, anavomera pambuyo pake kuti mbali ya zokambiranayi sinayende bwino ngati mbali zina za gemuyo.

Ndipo si mayankho okha. Mawu amabwera ndi msinkhu, amabwera ndi kochokera, amabwera ndi mtima. Fallout 4 imakupatsani mphindi zambiri zoumba nkhope mmene mukufunira, koma mukangoyamba mumapeza kuti ndinu kholo lofatsa la ku America limene likulira mwana wake Shaun amene wabedwa, mwamunayo anali msilikali mkaziyo anali loya. Inu mumafuna kusewera ngati chigawenga chosalabadira munthu, koma mawu akutuluka ndi a bambo wachifundo. Courier wa New Vegas amangodzuka ataomberedwa m'mutu, za kumbuyo kwake zambiri mumadzaza nokha.

Bwanji ndimasankha china koma munthu wanga nkuyankhula china?

Ili ndi vuto la gudumu la mayankho, pamene mayankho amaikidwa mozungulira pa sikirini kuti musankhepo, limene Mass Effect inatchukitsa. Opanga anaona kuti ngati muwerenga chiganizo chonse kenako nkumvanso munthu akuchibwereza mawu ndi mawu mutopa, ndiye anayamba kulemba mawu awiri atatu ongolozera, chiganizo chenicheni mumachimva mutasankha kale. Zikayenda bwino zimakoma chifukwa nanunso mumakhala ndi chidwi kuti anena bwanji. Zikalakwika mumakhala ngati mwatuma mwana kuti kauze a neba achepetseko wailesi iye nkukawatukwana.

Chitsanzo chodziwika chili mu The Witcher 3 momwemo, pali malo amene yankho limangoti mumukankhire pambali kazitape wina dzina lake Dijkstra mwamphamvu, inu nkuganiza kuti ndi kukankha basi, koma Geralt amamumenya nkumuthyola mwendo, ndipo ntchito ina yaikulu yokhudza ndale za ufumu imatsekeka pompo. Dragon Age II inayesa kuchepetsa vutoli poika tizithunzi tosonyeza ngati yankho ndi laulemu, lanthabwala kapena laukali, ndipo mukamakonda mtundu umodzi Hawke amayamba kuyankhula choncho ngakhale pamene simunasankhe, chimene ndimaona kuti chinali chanzeru kwambiri. Deus Ex: Human Revolution ya 2011 imakuonetsani zimene Adam Jensen anene musanadine. Pa Fallout 4 osewera pa kompyuta anachita kupanga okha mod, kapulogalamu kosintha gemu, yoonetsa chiganizo chonse ndipo inatchuka kwambiri, zimenezo zokha zikukuuzani kuti anthu amafuna kudziwa chimene chituluke pakamwa pawo.

Koma wa duu samaoneka ngati chidole anzake akamayankhula?

Amaoneka, ndipo amene amakonda wa duu asamabise zimenezi. Kale pamene aliyense anali kachithunzi kakang'ono sizinkadziwika, koma pano nkhope zikuoneka bwinobwino mpaka makwinya, anzanu onse akulira akukuwa ndi mawu enieni, kamera nkutembenukira kwa inu, inu muli maso tuzu ngati mukudikira minibasi. Mu Dragon Quest XI mwininkhani amabwerera kumudzi kwawo ku Cobblestone nkupeza kwawonongedwa, ndipo ngakhale gemuyo ndimaikonda, pamenepo ndinkafuna mnyamatayo atatulutsako liwu olo limodzi. Genshin Impact, imene ambiri timaidziwira pa foni, inathana nazo pomupatsa Traveler kamnzake kouluka Paimon kuti kazimuyankhulira, mapeto ake Paimon amabwereza chilichonse chimene mwangomva kumene ndipo anthu ambiri amatopa naye.

Njira imene imagwira ndi ya kamera. Skyrim ya 2011 ndi New Vegas zimakuonetsani dziko kudzera m'maso a munthu wanu, nkhope yake simuiona pokambirana, ndiye palibe chidole choti chikukhumudwitseni. Elden Ring ndiye anthu ake omwe ndi osayankhulayankhula, dziko lonse ndi la zii, munthu wa duu amakwanamo bwino.

Chifukwa chani dzina limene ndalemba salitchula?

Chifukwa sangajambule mayina onse a padziko. Ndiye amazemba, amakupatsani udindo kapena dzina la bambo lokhazikika, Shepard, Hawke, Warden, Inquisitor, Courier, Dragonborn. Final Fantasy X inalola kuti musinthe dzina la Tidus, zotsatira zake gemu yonse palibe amene amamutchula dzina ndi pakamwa, olo Yuna amene amamukonda. Fallout 4 inayesako, loboti ija Codsworth imatha kutchula mayina pafupifupi 1,000, koma ambiri ndi achizungu, mukalemba Chikondi kapena Limbani musayembekezere kumva akukuitanani. Mu gemu ya zolembedwa zokhazokha vutoli kulibe, dzina lanu limangolowa m'chiganizo ngati lina lililonse, ndipo kwa ine kuona mfumu ya mugemu ikunditchula dzina lakwathu, olo ndi polemba pokha, kumandikoka kuposa mmene ndinkaganizira.

Kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzira kusukulu, chabwino nchiti?

Apa ndiyankha mmene ndimaonera ine. Mayankho olembedwa onse amathandiza kwambiri chifukwa gemu imadikira, mumawerenga mofatsa, liwu lachilendo mutha kulifufuza pa foni, ndipo mumadziwa chenicheni chimene mukuvomera. Gudumu la mawu awiri lija limavuta kawiri kwa ife, chifukwa mawu ofupikitsidwawo nthawi zambiri ndi zining'a za Chingerezi cha ku America, ndiye kuti mudziwe ngati ndi nthabwala kapena chipongwe mumadziwa zitachitika kale, makamaka m'magemu amene amaika nthawi yoti muyankhe msanga ngati malo ena mu Cyberpunk 2077. Komano mawu omveka nawo amaphunzitsa, mumamva katchulidwe, mumamva kuti chiganizo ichi chanenedwa mokwiya ngakhale mawu ena sanakulowereni. Yatsani ma subtitle nthawi zonse basi.

Pali chinanso chimene sichikambidwa kwambiri. Ukakhala ola lathunthu ukuumba munthu wakhungu ngati lako, tsitsi ngati lako, mphuno ngati yako, kenako atsegule pakamwa nkutuluka mawu a ku California kapena a ku London, pamakhala kamtunda kena kamene kamabwera pakati pa iwe ndi iye. Wa duu amayankhula ndi mawu amene uli nawo m'mutu, ndipo ine anthu anga a mu Skyrim ndimawamva akuganiza m'Chichewa. Za bandulo nazonso, mafayilo a mawu ndi olemera, mu Genshin chiyankhulo chilichonse chimadya malo ambiri pa foni, ndiye siyani chimodzi chokha zinazo mufufute.

Si ulesi chabe kapena kusowa ndalama kumusiya duu?

Kwa timakampani tating'ono ndalama ndi chifukwa chenicheni ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Ngakhale akuluakulu zimawalemera, Star Wars: The Old Republic ya 2011 inali ndi nkhani 8 za magulu osiyana, iliyonse mwamuna ndi mkazi, kutanthauza anthu 16 a mwininkhani yekha pa Chingerezi chokha, ndipo patapita zaka anayamba kuika zokambirana zina zimene munthu wanu samveka mawu. Koma Baldur's Gate 3 ya 2023 inathetsa nkhani yoti duu ndi umphawi. Larian Studios ya ku Belgium inajambula mawu a pafupifupi aliyense mugemumo mpaka nyama zomwe, chifukwa pali matsenga olankhulira ndi nyama, koma munthu wanu pokambirana anamusiya wosamveka, dala, kuti mayankho achuluke malinga ndi mtundu wanu, ntchito yanu, mulungu amene mumapembedza. Inatenga mphoto ya gemu yopambana ya chaka ku The Game Awards. Chaka chomwecho Bethesda inatulutsa Starfield itabwerera kwa mwininkhani wosamveka, ndipo iwo anafotokoza kuti anayesa kaye kuika mawu nkuona kuti akumupanga munthuyo kukhala wina wake osati wa wosewera.

Palibe njira yapakati?

Zilipo zingapo. Baldur's Gate 3 ili ndi wofotokoza nkhani, Amelia Tyler, amene amanena zimene munthu wanu akuona ndi kumva mumtima, ndiye chete uja samveka ngati dzenje, komanso mumasankha mawu amene munthu wanu amatulutsa apo ndi apo poyenda kapena pomenyana. Persona 5 imachitanso chimodzimodzi, Joker amakuwa pa nkhondo koma pocheza mumamusankhira timayankho tatifupi.

Imene inandigwira mtima kwambiri ndi Disco Elysium ya 2019, yopangidwa ndi ZA/UM, anthu ochokera ku Estonia. Mumasewera wapolisi amene wamwa mpaka kuiwala dzina lake, ndipo maluso ake 24 amayankhula m'mutu mwake ngati anthu, lina likuti thawa, lina likuti munthu uyu akunama, lina likuti kamwenso. Mu 2021 anatulutsa The Final Cut mmene anaika mawu omveka, maganizo a m'mutuwo akuwerengedwa ndi Lenval Brown, koma mayankho amene mumasankha anawasiya osamveka. Ndiye mumamva mkati mwa munthuyo monse koma chotuluka pakamwa ndi chanu. Sindinaonepo gemu ina imene inagawa ntchitoyi bwino chonchi.

AI singathetse vutoli, kuti mzere uliwonse ukhale ndi mawu motchipa?

Kutulutsa phokoso la mawu ingathe, ndipo anthu opanga ma mod ayamba kale kutero. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi, bungwe lawo la SAG-AFTRA ku America linanyanyala ntchito za magemu kuyambira Julayi 2024 mpaka pakati pa 2025 ndipo nkhani yaikulu inali yomweyi, kuti mawu a munthu asakoperedwe ndi makina popanda chilolezo chake ndi malipiro. Ine ndili kumbali yawo, mawu a munthu ndi thupi lake. Chachiwiri ndi choti olo mawuwo atakhala aulere, vuto lija loti mawu amasankha msinkhu ndi mtima wa munthu wanu silichoka, ndipo chimene timakondera Geralt kapena Shepard si kuti pali phokoso ayi, ndi kuti munthu wina anakhala pansi nkuganiza kuti mzere uwu ndiunene motsitsa, apa ndipume kaye.

Ndiye inuyo mumakonda uti, ndipo ndiyambire gemu iti?

Ine funso limene ndimadzifunsa ndi loti munthuyu ndi wandani. Ngati ndi wa olemba, ali ndi dzina lake, mbiri yake, anthu amene anawakonda ine ndisanabwere, ngati Geralt amene anachokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski, mupatseni mawu ndipo mupeze munthu waluso, ine ndidzakhala ngati mlangizi wake pa mphambano. Ngati mwandiuza kuti munthuyu ndi wanga, ndimuumbe ndekha, ndiye musandilande pakamwa, ndipatseni mayankho ambiri olembedwa onse. Chimene chimandipweteka ndi gemu yondilonjeza kuti munthuyu ndi wanga kenako nkundipatsa wa eni ake, ndipo mukandikakamiza kusankha mbali imodzi nditenga wa duu, chifukwa ndi amene ndimabwerera kukamuseweranso kachitatu kachinayi ngati munthu wina.

Ngati kompyuta yanu ndi yakale yambani ndi Fallout: New Vegas kapena Dragon Age: Origins, sizifuna makina amphamvu, kenako musewere Mass Effect 2 ya 2010 kuti mumve mbali inayo ili pabwino pake. Amene muli ndi makina abwinoko tengani The Witcher 3 ndi Baldur's Gate 3 motsatizana. Pa New Vegas ulendo wachiwiri mudzayese kutsitsa nzeru za munthu wanu mpaka pansi mukamamupanga, kenako mupite ku HELIOS One, malo opangira magetsi a dzuwa mugemumo, mukacheze ndi wasayansi Ignacio Rivas amene ali mkatimo.